Envelopu ya Adadi

1. Pageti

Basi inafika kutada. Ndinatsika ndi chikwama changa. Chimodzi chokha, monga mwa nthawi zonse.

Madepoti ndimawadziwa ine. Adadi anayendetsa basi zaka khumi ndi zisanu asanakhale phungu, ndipo ine ndinakulira pampando wa kumbuyo kwawo. Matauni anayi. Sukulu zisanu. Zovala sinditulutsa m'chikwama, poti mawa tinyamukanso. Ndiye kwathu ananditcha Kachikwama.

Koma mzinda uwu unali wachilendo. Misewu yotakata. Magetsi uku ndi uku. Anthu ochepa, onse ofulumira. Aka kanali koyamba kudzawachezera adadi chilowereni m'Nyumba ya Malamulo.

Paulendowo sindinagone. Masana dalaivala anatsegula wailesi. Aphungu ankakambirana za zipatala. Ndinkangomvera ndi khutu limodzi. Kenako panamveka mawu omwe ndingawazindikire ngakhale ndili m'tulo.

"Olemekezeka a Sipikala, kwathu kuli kachipatala. Lachitatu lililonse masana chitseko chimakhala chokiya. Odwala ali pakhonde. Namwino ali kuti? Ali kumsika, akugulitsa malonda ake!"

Aphungu anamenya matebulo. M'basi anthu anaseka. Bambo wina kumbuyo anakuwa, "Auzeni, bwana!" Kenako basi inalowa m'mapiri, wailesi n'kuyamba kudukaduka. Dalaivala anaika nyimbo.

Ine ndinayang'ana bondo langa lamanzere. Pali chipsera chachitali ngati chala. Anandisoka ndi anamwino omwewo, nditagwa panjinga ndili Folomu 1. Ankandisoka uku akundiimbira kanyimbo ka ana, ine chimtsikana chonse. Ndipo komwe amapita Lachitatu ndimakudziwa. Amamanga bokosi la katemera panjinga, n'kuwoloka mtsinje kukabaya ana a kutsidya. Tauni yonse imadziwa. Adadi okha ndiye ayi. Munthu wa pamsewu Lachitatu amakhala kwina. Nkhaniyo anaitola padepoti.

Tinagwirizana pafoni kuti tikumane pageti la Nyumba. Ndinawapeza pansi pa getsi, atamasula tayi. Jekete linali litawathina m'mapewa.

"Mayi wanga! Kutalika konseku? Kusukuluko akukuthirani feteleza?"

"Ndakumvani pawailesi, adadi."

Kuseka kunathera panjira.

"Foni yanga yatentha," anatero. "Amayi ako aimba katatu. Kachitatuko sanalankhule. Amangopuma."

"Anamwino aja amapita kukabaya katemera."

"Ndadziwa, mayi. Chikwangwani ndachiona nditadutsa kale."

Anayang'ana komwe kunali mlonda. Kenako anapisa m'jekete, n'kutulutsa envelopu yakhaki.

"Tamvera. Zonse zolankhulidwa m'Nyumbamu zimalembedwa. Mawa lake m'mawa limatuluka buku. Koma asanasindikize, phungu aliyense amamupatsa tsamba lake kuti aone ngati alembi sanaphonye. Langa ndi ili. Ndakonzamo pang'ono."

Ndinatsegula. Mizere itatu anali ataikhwatcha. Pamwamba pake analemba ndi bolopeni: "Namwino wathu amagwira ntchito yotamandika, koma akufunika womuthandiza."

"Awa si mawu omwe munanena."

"Ndi omwe ndikananena ndikanakhala ndi nzeru."

"Ndiye ine nditani?"

"Azakhali ako ali m'katimo, kuchipinda cha alembi. Lero ugona kwa iwo, poti kogona aphungu salola ana. Patebulo pawo pali mathireyi atatu. Ndinawaona tsiku lomwe ankatiyendetsa ife atsopano. Yachitatuyo ndi ya masamba omwe awaona kale. Wosindikiza safunsa. Zomwe wapeza mmenemo ndi zomwe amalowetsa. Uchotsemo tsamba lakale, uikemo ili. Azakhali akowo osawapatsa m'manja."

"Bwanji osapita nokha?"

"Kwa achemwali anga aja? Anandipotokola khutu ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditasintha malikisi pa lipoti la sukulu. Mpaka lero kukazizira limapweteka."

Ndinaseka. Iwonso anaseka pang'ono. Kenako anandigwira paphewa. Dzanja lawo linali lolemera.

"Buku limenelo silifa, mayi. Adzukulu anga adzaliwerenga. Adzati agogo anali abodza. Chibale ndi fupa, sichiwola. Ndithandize."

Ndinaika envelopu m'thumba la siketi. Sindinavomere. Sindinakane.

2. Chipinda cha alembi

Mlonda analemba dzina langa m'buku lake. Anandikoloweka kakhadi m'khosi. Chikwama anachidutsitsa m'makina. Kenako anandilozera: kumanzere, masitepe, chitseko chachinayi.

Ndinadutsa pakhomo la chipinda chachikulu. Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Ndinasuzumira. Mipando yoyang'anizana, mbali iyi ndi mbali iyo. Pakati tebulo lalitali. Kumapeto mpando umodzi waukulu, wa a Sipikala. Munalibe aliyense kupatula mayi wina wopukuta. Pawailesi mumamveka ngati mumsika. Apa munali zii ngati m'kalasi patchuthi.

Chipinda cha alembi chinali chaching'ono. Madesiki asanu ndi atatu. Makompyuta. Khoma lonse mabuku okhaokha, achikuto chakuda, lililonse ndi chaka chake. Wotchi yaikulu pamwamba pa chitseko. Ketulo pakona. Alembi ambiri anali ataweruka. Munatsala anthu awiri.

"Kachikwama!"

Azakhali ndi aafupi. Magalasi amawamangirira chingwe. Bolopeni yofiira imakhala kukhutu. Anandikumbatira, kenako anandikankhira kumbuyo kuti andione bwino.

"Tula chikwamacho. Muno mulibe wakuba. Timatola mawu basi."

Sindinatule. Ndinakhala pampando, chikwama pamiyendo.

"Mwamuona, a Mphindi Khumi? Mwana wa mlongo wanga. Anabadwa atanyamula katundu."

Bambo wina wa imvi anavula zomvera m'makutu, n'kutembenuka.

"Mwana wa olemekezeka? Takulandirani, mayi. Bambo anu ndawalemba ndine lero. Mawu awo safuna makina. Amamveka mpaka kumsewu."

"Chifukwa chiyani amakutchani a Mphindi Khumi?"

"Ndi ntchito, mayi. M'Nyumbamo timalowa mosinthana. Aliyense mphindi khumi. Nthawi ikakwana, mnzanga amakhala pampando, ine ndimatuluka kudzalemba zomwe ndamva. Zaka makumi atatu tsopano. Sindinamvepo nkhani mpaka kumapeto. Phungu akamafunsa funso, ine ndilipo. Nduna ikaimirira kuti iyankhe, ine ndatuluka. Mafunso onse a dziko lino ndimawadziwa. Mayankho ndimawerenga mawa."

"Ngakhale kunyumba," anatero azakhali. "Akazi awo akayamba kuwakalipira, pakatha mphindi khumi amaimirira kudikira wowalandira."

"Ndipo sabwera," anatero a Mphindi Khumi.

"Nanga poti pali makina ojambula mawu, mumaloweranji?" ndinawafunsa.

"Makina ali ndi makutu, maso alibe. Sadziwa amene wakuwa kumbuyo. Sadziwa amene waimirira popanda chilolezo. Ife timaona, n'kulemba dzina."

Azakhali anandithirira tiyi. Buledi anadula ndi kampeni kotsegulira makalata. Kenako anayala mapepala atatu patsogolo panga.

"Taona, ukauzeko anzako kusukulu. Pepala ili ndi ndandanda. Limatuluka m'mawa. Limanena zomwe Nyumba ichite tsikulo: mapemphero, mafunso kwa nduna, kenako mabilu, omwe ndi malamulo osapsa. Lachiwirili ndi lalifupi. Limanena zomwe Nyumba yagwirizana. Lachitatuli ndiye lathu. Timalitcha Hansadi. Limanena zomwe munthu aliyense walankhula. Loyamba, tichita chiyani. Lachiwiri, tachita chiyani. Lachitatu, wanena chiyani. Loluma ndi lachitatuli."

"Mumalemba chilichonse?"

"Bola ndodo ili patebulo. Belu likalira, a Sipikala amalowa, patsogolo pawo mkulu wachitetezo atanyamula ndodo yonyezimira. Akaigoneka patebulo, Nyumba yakhala, ife tayamba. Akaichotsa, otsalawo ndi anthu ocheza. Ngakhale atukwanane, sitilemba."

"Ndiye bolopeni yofiirayo ndi yachiyani?"

Anandionetsa tsamba lina. Phungu wina anati "eee, ndikuti, ndikuti, eee" kasanu mumzere umodzi. Azakhali anali atadula zonsezo.

"Timachotsa chibwibwi. Munthu akakhosomola, sitilemba chifuwa. Akatchula dzina la mtsinje ife osalimva bwino, timamufunsa. Basi. Timasesa pabwalo, mwanawe. Mitengo sitidula."

Anayang'ana wotchi.

"Aphungu onse abweza masamba awo. Kupatula mmodzi. Ikakwana eyiti koloko, lake lipita momwe lilili."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ine ndinamwa tiyi. Anali wotentha. Ndinamwabe.

3. Thireyi yachitatu

Foni ya patebulo inalira. Azakhali anamvetsera, anati "Ndikubwera, bwana," n'kuika pansi.

"Mlembi wamkulu wa Nyumba akundifuna. Mphindi zisanu. Usakhudze kanthu."

Anatuluka. A Mphindi Khumi anali atavalanso zomvera m'makutu, atandipatsa msana. Phazi lawo linkaponda kachitsulo ka pansi pa desiki. Akaponda, mawu akuyenda. Akasiya, aima. Kha. Kha. Kha.

Panatsala mphindi makumi awiri kuti eyiti ikwane.

Mathireyi analidi atatu. Yoyamba yopanda kanthu. Yachiwiri masamba awiri okha. Yachitatu yodzaza. Tsamba lililonse linali ndi nambala pakona, ndi kachizindikiro kofiira ka azakhali. Kachizindikiro kosavuta. Bolopeni ina yofiira inali pomwepo patebulo.

Ndinafunafuna. Tsamba 41. Mawu a adadi, onse, osasowapo ngakhale amodzi. Pansi pake analemba kuti aphungu ena anamenya matebulo.

Ndinatulutsa envelopu. Kumanja tsamba la adadi. Kumanzere tsamba la Nyumba.

Nditasolola tsamba 41, pansi pake panaonekera 42. Maso anangogwerapo. Analemba mlembi wina, yemwe analandira a Mphindi Khumi. Ndi paja basi yathu inalowa m'mapiri, wailesi n'kuduka.

Nduna ya zaumoyo inali itaimirira. Inayankha motere: "Ndikuthokoza olemekezeka potiululira zimenezi. Namwino ameneyo timuimitsa ntchito mawa lomwe, pomwe tikufufuza."

Ndinawerenga kawiri. Kenako ndinaika tsamba la adadi pambali pa 42, n'kuwerenga onse motsatana. Adadi akuyamikira namwino. Nduna ikuthokoza, ikuti imuimitsa ntchito. Zinali ngati basi yomwe matayala akutsogolo akupita kumpoto, akumbuyo kumwera.

Ndipo m'masamba onsewo munalibe ponena za katemera. Za njinga. Za ana a kutsidya.

Kha. Kha. Kha.

Ndinabweza tsamba 41 pamalo pake. Ndinalinganiza m'mbali. Envelopu ndinaiika patebulo, poyera, pakati penipeni. Ndinakhala pansi. Ndinadikira azakhali.

4. Mawu a azakhali

Azakhali analowa. Anaona envelopu. Sanaikhudze.

"Ichi n'chiyani?"

"Adadi anati ndiike m'thireyi yachitatu inu osaona."

"Ndiye waika?"

"Ayi. Ndinatsala pang'ono."

Anakonza magalasi. Anatsegula, n'kuwerenga tsambalo mpaka pansi. Anapukusa mutu, koma pakamwa pankafuna kuseka.

"Mwana ameneyu. Malembedwe ake sanasinthe. Ngati papalasa nkhuku. Pa lipoti lija analembanso chonchi."

"Munadziwa?"

"Envelopu yakhaki m'thumba la siketi yakuda? Ndinaiona usanakhale pansi. Mlembi wamkulu amandifunadi. Koma pobwerera ndimayenda pang'onopang'ono."

Anakokera mpando pafupi ndi ine. A Mphindi Khumi anavula zomvera, koma sanatembenuke.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Ndikuuza zomwe bambo ako sindinawauzepo. Nditangoyamba ntchito ino, ndili mtsikana, kunali phungu wina wokoma mtima. Ankapereka moni kwa tonse, ngakhale osesa. Tsiku lina analonjeza m'Nyumba kuti mlatho wa kwawo utha mvula isanagwe. Madzulo anabwera pakhomo apo. Anati, 'Mwana wanga, ndinafulumira pakamwa. Ungolemba kuti tiyesetsa.' Ndinamumvera chisoni. Ndinasintha.

"Patatha chaka kunabwera mphunzitsi wa kudera komweko. Anayenda tsiku lonse. Mlatho kunalibe. Mvula ikagwa, ana ake a sukulu ankajomba. Iye anali atauza makolo kuti lonjezolo analimva yekha pawailesi, ndipo akalibweretsa lolembedwa. Amene anamupatsa bukulo ndine. Lija, lachitatu kuchokera kumapeto. Anakhala pomwe wakhala iwepo. Anatsegula. Anawerenga ndi chala. Anabwerera kumayambiriro. Anawerenganso. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, 'Pepani mayi, ndakutayitsani nthawi. Kapena makutu angawa ndi omwe akalamba.' Anandipepesa ine! Kwawo anakamutcha wabodza.

"Palibe anandigwira. Ntchito sanandichotse. Koma nkhope ya bambo uja ndimayenda nayo mpaka lero.

"Bukuli si la aphungu, mwanawe. Aphungu amabwera n'kupita. Ine ndaona masipikala asanu. Bukuli ndi la munthu yemwe m'chipindamo munalibe. Mphunzitsi uja. Anamwino ako aja. Mwana yemwe sanabadwe. Woweruza milandu akafuna kudziwa chomwe opanga lamulo ankalinga, amatsegula muno. Ukasintha mzere umodzi chifukwa cha chibale, mizere yonse yasanduka mphekesera.

"Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Bambo ako asiya mlomo. Tikaufufuta papepala, m'makutu mwa anthu ulipobe. Dziko lonse lamva kuti namwino amathawa odwala. Tikafufuta, bambo ako asamba, matope atsala pa namwino. Ndipo iye sadzakhala ndi poloza chala kuti, apa ndi pomwe anandinamizira."

"Ndiye palibe chochita?"

"Chilipo. Koma n'chowawa."

Anatenga kabuku kobiriwira, kakutha m'makona. Malamulo oyendetsera Nyumba. Anatsegula osafunafuna.

"Phungu akalakwitsa, amaloledwa kukonza. Osati ndi bolopeni. Ndi pakamwa pomwe panalakwapo. Amalembera a Sipikala kakalata isanakwane eyiti koloko m'mawa. Mapemphero akatha, amamuitana. Amaimirira pamaso pa onse, wailesi ili yotsegula, nduna ili pomwepo. Amati, 'Dzulo ndinanena zakutizakuti. Sizinali zoona. Zoona ndi izi.' Ife timalemba. Mawu adzulo amakhala. Alero nawonso amakhala. Wowerenga amaona zonse, kugwa ndi kudzuka komwe."

"Anzawo awaseka."

"Awaseka ndithu," anatero a Mphindi Khumi, maso akadali kukhoma. "Amenya matebulo mpaka manja kutupa. Koma zaka zanga zonsezi ndalembapo anthu anayi okha ochita zimenezo. Mayina awo ndingakutchulireni pompano. Enawo ndinawaiwala."

"Muwaimbire, azakhali. Inu amakuopani."

"Ayi. M'kati mwa geti lino ndilibe mlongo. Ndili ndi aphungu. Mlembi sauza phungu choti anene. Koma mwana akhoza kulankhula ndi bambo ake."

Eyiti inakwana. Wosindikiza anagogoda, mayi wamtali wa inki m'zala. Ananyamula thireyi yachitatu yonse. Tsamba 41 linapita momwe linalili.

Ndinatuluka panja pa chipinda n'kuimba.

"Waika, mayi?"

"Ndawapatsa azakhali."

Ndinkangomva kupuma. Ngati amayi.

"Adadi, nduna yati anamwino aja iwaimitsa ntchito mawa. Munamva?"

"Ayi." Mawu anatsika. "Ndinali nditatuluka. Anzanga ankandigwira chanza panja."

Ndinawafotokozera za kakalata ndi za eyiti koloko. Anamvetsera mpaka kumapeto, osandidula. Si khalidwe lawo limenelo.

"Chabwino, mayi," anatero. "Wadya?"

"Buledi."

"Uwauze akupatse bulangeti lokhuthala. Kuno kumazizira m'mawa."

Anadula foni.

5. Basi ya sikisi

Azakhali amakhala pamwamba pa shopu yosoka nsapato. Zipinda ziwiri. Mabuku mpaka pansi pa tebulo. Ndinagona pasofa, chikwama kumutu.

Anandidzutsa kusanache. Anali atavala kale, foni ili m'manja.

"Amayi ako aimba. Bambo ako awauza kuti akubwerera kwanu ndi basi yoyamba. Akuti akapepesa anamwino kunyumba kwawo, mwakachetechete. Agulanso ndi shuga."

Sindinadabwe. Galimoto yawo inali kugalaja. Komanso munthu wa basi akasowa mtendere amathawira kudepoti.

"Si zabwino zimenezo, azakhali?"

"N'zabwino. Mtima ali nawo, zimenezo sindinakanepo. Koma munthu wamunyoza pawailesi, ukamupepese kukhitchini? Nduna ikakhalako kukhitchiniko? Kalata yomuimitsa ntchito ilembedwa lero. Akakwera basi imeneyo, eyiti koloko iwapeza pamsewu."

Ndinayang'ana foni. Faifi koloko ndi mphindi makumi awiri. Ndinaimba. Yozimitsa.

"Basi yoyamba ya kwathu imanyamuka sikisi," ndinatero. "Ndinaona pabolodi dzulo. Imaima kumapeto, pafupi ndi mpopi. Adadi akhala mpando wa kumbuyo kwa dalaivala, kuti azimuuza posinthira magiya."

Azakhali anaseka mpaka magalasi anagwera pachifuwa.

"Mwana wa bambo ake."

Anang'amba pepala loyera m'kope. Analipinda kawiri. Anatenga bolopeni yakuda, osati yofiira.

"Ine sindinakutume. Ndangokubwereka pepala. Alembe okha, mizere itatu yakwana. Mukafike pageti eyiti isanakwane. Iwe ndakusungira malo m'mwamba, mokhala alendo. A Mphindi Khumi asinthana ndi mnzawo kuti mphindi khumi zoyambirira zikhale zawo. Akuti akufuna wachisanu."

"Akakana?"

"Akakana, akana. Mlomo ndi wawo. Koma usakawakalipire. Amuna a kwathu ukawakalipira amauma ngati chitsa. Ukangowaonetsa bondo lakolo. Anakunyamulira kuchipatalako ndi iwo, akulira kuposa iwe."

Ndinavala nsapato. Masitepe ndinatsika awiriawiri. Kunja kunali mphepo yozizira. Osesa mumsewu. Minibasi imodzi pakona, kondakitala akuyasamula.

"Depoti! Depoti, asisi!"

Zenera la pamwamba linatseguka.

"Iwe Kachikwama! Chikwama chako!"

Ndinagwira paphewa. Panalibe kanthu. Chinatsala pasofa paja chokhachokha, koyamba chibadwire changa.

"Chisungeni!" ndinakuwa. "Ndibwera!"

Kondakitala anamenya chitseko. Ndinafumbata kapepala kaja. Wotchi ya dalaivala inati kwatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu kuti sikisi ikwane. Patsogolo pathu, mpaka kumapeto kwa msewu, maloboti onse anali ofiira.